Kodi chizungu chimawola?

Lero ndiye ndatentha mutu abale. Mchemwali wanga anaphunzira French zaka zinayi ku Zomba, pano akufuna akapange masters ya French literature ku yunivesite ina yakunja. Anamuuza kuti abweretse DALF C1, satifiketi yoonetsa kuti French amaitha, chabwino, French si yathu, ayese. Transcript, makalata a malekichala, zonse anatumiza. Ndiye m'mawa muno tili mu minibasi kuchokera ku 25 kupita m'tauni imelo yalowa akuti IELTS (mayeso a chizungu) yanu inatha mphamvu lembaninso chifukwa imagwira zaka ziwiri zokha.

Zaka ziwiri! Chizungu chimawola ngati tomato wa pa Lizulu kodi? Munthu anakhoza mayeso omwewo, pano akuti mwina waiwala. Waiwala bwanji chinthu chomwe amalembera malipoti ku ntchito tsiku ndi tsiku? Mwana wa ku Malawi kuno kuyambira ku pulayimale masamu, sayansi, zonse m'chizungu, ena tinkamwetsedwa zikoti kapena kusesa bwalo kamba kongoyankhula Chichewa pa sukulu. MSCE yomwe sungaitenge ukalephera English ngakhale masamu utakhoza 1. Digiri yonse m'chizungu, dissertation m'chizungu, ngakhale imelo yomuuza kuti atsimikize chizungu chakeyo waiwerenga yekha ndipo waimva bwinobwino mpaka misozi kulengeza. Angerezi anatilamulira kuchokera 1891 mpaka 1964 nkutisiyira chiyankhulo chawo, lero tizilipiranso ndalama kuti tionetse kuti timachitha? Akuti ndi malamulo a admissions basi. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ife kumaliyesa lathu.

Ndipo ndalama yake si yamasewera, kwacha mmene yagweramu, mayeso amodziwo ndi renti ya nyumba, uwonjezerepo ya application, kenako ukayambe kuvutika ndi forex ku banki.

China chomwe chandinyansa, pa fomu ya application yomweyo akuti pamafunika uziwerenganso chiyankhulo china chachiwiri, German, Spanish kapena Italian. Iye anafunsa kuti nanga Chichewa ndi Chitumbuka, poti zonse amayankhula, ndipo research yake ikukhudza olemba a mu Africa omwe amalemba mu French. Yankho lake akuti sizili pa mndandanda. Munthu wa ziyankhulo zinayi akuti akusowa chiyankhulo, akaphunzire German. Ku Lilongwe kuno ayiyankhula ndi ndani German yo, kondakitala?