Mlomo wa chifefe si chikwanje chonolera pakhonde

Loweruka pamsika wa Ngabu ndinamva bambo wina akudzitama kuti anapereka chifefe chake kwa mnyamata wowotcherera zitsulo kuti achifinye kumlomo, ati chizifika patali akamasaka atsekwe kudambo la Elephant Marsh. Anzake ankangogwedeza mitu kumuyamikira. Ine ndinangoti kakasi.

Abale anga, kupanikiza kwa kumlomoko, komwe eni ake amati choke, ndi kanthu kochepa zedi. Mpope wa chifefe cha saizi imene amaitcha 12 bore ndi wotambalala pafupifupi mamilimita 18.5, ndipo ngakhale choke yothina kwambiri imachepetsa mlomowo ndi milimita imodzi yokha, mwinanso osakwana. Kamilimita kameneko ndi kamene kamachititsa kuti pa mtunda wa mayadi 40, timibulu ta mtovu pafupifupi 70 mwa 100 tigwere m'bwalo la mainchesi 30, pomwe mpope wopanda choke umangoikamo 40 basi. W.W. Greener, wopanga mfuti wa ku Birmingham ku England, yemwe dzina lake timaliona pa mfuti zambiri za agogo athu, anatchukitsa luso limeneli cha m'ma 1870, ali ndi makina ndi zoyezera za fakitale. Ndiye lero munthu wa hamala ndi tupa, amene dzulo lake amakonza ngolo, ayeze milimita ndi diso?

Sindikunyoza amisiri athu ayi. Njinga yanga yakabaza ikuyenda chifukwa cha iwo. Koma njinga ikathyoka umagwa n'kudzuka, n'kusasa fumbi.

Malume anga anali ndi Greener yawo yachilolezo, yotetezera munda wa mpunga. Atakalamba, msuweni wanga anaitenga mwakachetechete n'kukaigogodetsa kumlomo. Poyamba inayamba kumwaza timibulu kumanzere, ukaloza nkhanga n'kulasa chitsamba. Iye ankati vuto ndi makatiriji. Tsiku lina m'mawa mlomo unang'ambika ngati nthochi yosendedwa, ndipo kachitsulo kanamucheka pamwamba pa diso. Kuchipatala anamusoka, koma funso la apolisi loti mfutiyo inasinthidwa ndi ndani, ndiponso chifukwa chiyani inali m'manja mwa munthu wopanda chilolezo, linavutitsa banja lonse miyezi ingapo. Malume sanamulankhulenso mpaka nthawi yokolola.

Enanso amadula mpope kuti mfuti izibisika bwino m'thumba la chimanga. Amenewo sadziwa kuti adula choke yonse n'kuitaya, chifukwa imakhala kumapeto kwenikweniko. Ndiponso tinene chilungamo, wofupikitsa mfuti kuti ibisike sakuganiza za mbalame za m'munda.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi bodza loti mfuti yothina imamusandutsa munthu katswiri. Mbalame ikadzuka pafupi, m'bango, choke yothina ndiyo imakuphonyetsa, popeza timibulu timakhala tisanamwazike. Ikakhala patali kwambiri umangoivulaza, n'kukafera m'madzi kudyetsa ng'ona. Ndipo dambo lija si la munthu mmodzi: mu 2017 linalowa m'gulu la madambo otetezedwa pansi pa mgwirizano wa Ramsar, ndipo asodzi amakhala m'mabwato kuseri kwa bango lomwe mukuwomberalo.

Bambo wa pamsika uja ndinamufunsa ngati anayesapo mfutiyo pa katoni kuti aone mmene ikumwazira. Anandiyang'ana n'kunena kuti makatiriji ndi odula, sangawonongere katoni.