Zonenedwa pa mapemphero a abambo zizithera pomwepo

Ndikulemba izi mtima ukundiwawa, ndipo sindibisa kuti ndakwiya. M'gulu lathu la abambo, limene limakumana Loweruka m'mawa m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, mbale wina amene kawirikawiri amangokhala chete anaimirira pa nthawi ya zopempherera, chipewa akuchipinda m'manja, nanena kuti ntchito inamuthera miyezi ingapo yapitayo. Anati m'mawa uliwonse amavalabe malaya osita ndi tayi n'kutuluka ngati akupita ku ntchito, pamene akukakhala pansi pa mtengo m'tauni mpaka dzuwa litapendeka, ndiponso kuti anatenga ndalama za katapila kuti alipire lendi ndi fizi ya ana, moti tsopano ngongoleyo yamupitirira msinkhu. Ananenanso kuti mayi a kunyumba kwake sakudziwa chilichonse, ndipo chimene anatipempha ndi choti timupempherere kuti apeze mphamvu yowauza yekha ndi pakamwa pake. Mawu ankamuthera pakhosi, ndipo misozi anaipukuta ndi chipewa chomwecho. Tinamuzungulira, tinamusanjika manja, tinapemphera mpaka tonse tinanena ameni. Sabata isanathe, mayi aja anamva nkhani yonse ku chigayo, kuphatikizapo kuchuluka kwa ngongole, kuchokera kwa mayi wina amene anaimva kwa amuna awo. Kuyambira pamenepo mbale uja sanabwerenso ku gulu, ndipo Lamulungu amakhala pa benchi ya kumbuyo n'kutuluka nyimbo yotsekera isanathe.

Abambo anzanga, amene munatulutsa nkhaniyi mukudzidziwa, ndipo ndikufuna mumve kuti chimene munachita ndi chipongwe chachikulu. Munthu anabwera pakati pathu ndi bala lake, nalivundukula chifukwa ankakhulupirira kuti ali pakati pa abale, inu n'kulitenga balalo kukalionetsa kwa anthu odutsa. Zimene mwamuna wanena pa mapemphero a abambo ziyenera kuthera m'chipinda chimene zanenedwamo. Siziyenera kufika pa tebulo la chakudya cha madzulo, siziyenera kunong'onedwa pa bedi, siziyenera kukambidwa pa bawo kapena mu minibasi, ndipo siziyenera kulembedwa pa WhatsApp ngakhale mutaphimba dzina, chifukwa m'dera ngati lathu aliyense amadziwa kuti bambo wa ana atatu amene ankagwira ntchito kwakutikwakuti ndi ndani.

Ndikudziwa chimene ena anene, chifukwa ndachimva kale. Akuti iwo anangouza akazi awo kuti nawonso athandize kupemphera. Ine ndikukana zimenezo ndi mtima wanga wonse. Mwini nkhani sanapemphe kuti akazi athu amupempherere. Akanafuna kuti mpingo wonse udziwe, akanalemba kapepala n'kupereka kwa alembi a mpingo kuti kawerengedwe pa zolengeza. Iye anasankha amuna ochepa amene ankawayesa okhwima maganizo, ndipo kusankha kumeneko kunali kutipatsa ulemu umene ife taupondereza. Miseche ikavala dzina la pemphero imakhalabe miseche, ndipo imaipa kuposa ya pa msika chifukwa yatchula dzina la Mulungu. Sindikuimba mlandu amayi a ku chigayo. Iwo sanali m'chipindamo ndipo sanalonjeze kanthu. Mlandu uli pa mwamuna amene anagwada nafe, natseka maso nafe, kenako n'kunyamula zimene anamva kupita nazo kunyumba ngati katundu wogula.

Kodi mukudziwa kuti n'kovuta bwanji kuti mwamuna wa kuno kwathu atsegule pakamwa kunena kuti zinthu zamukanika? Tinaleredwa ndi mawu akuti mwamuna salira. Mwana wamwamuna akagwa n'kunyuka bondo, amauzidwa kuti alimbe mtima, ndipo amakula ndi mawu amenewo mpaka imvi. Pa maliro a mkazi wake yemwe, anthu amamuyang'ana ngati akugwira mtima. Ndiye munthu wotereyu akafika poti waimirira pamaso pa amuna anzake n'kunena kuti akulephera kudyetsa banja lake, dziwani kuti wayenda mtunda wautali kwambiri mumtima mwake asanafike pamenepo. Mwina wakhala akubwera ku gulu chaka chathunthu akuyesa madzi, kuona ngati anthu awa angasunge mawu. Tsiku limene wakhulupirira kuti angathe, ndiye tsiku limene tamugulitsa. Ndipo si iye yekha amene tamutseka pakamwa. Aliyense amene anali m'chipindamo anaona chimene chimachitikira munthu wonena zoona, moti Loweruka lotsatira zopempherera zinabwerera ku zakale zija: tipempherere mvula, tipempherere dziko lathu, tipempherere odwala m'zipatala. Palibe amene anatchula za mumtima mwake, pamene ndikudziwa bwino kuti pa mabenchi amenewo panakhala amuna amene mabanja awo akugwedezeka, amene akulimbana ndi mowa, amene akumwa mankhwala mobisa.

Zifukwa zake n'zodziwika, ena ndi pakamwa chabe, ena amafuna kuoneka odziwa zambiri, ndipo sinditaya nthawi pa zimenezo. Chimene chikundipweteka ndi nthawi imene tikuchitira zimenezi. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamwamba pa kutsitsidwa kwina kwa 25 peresenti mu Meyi 2022, mwamuna amene ankakwanitsa kugula thumba la chimanga, feteleza ndi kulipira lendi pa malipiro amodzi akusowa pogwira. Ngongole za katapila ndi za banki m'khonde zadzaza m'makomo. Apolisi akamapereka malipoti a anthu amene adzipha m'dziko muno, ochuluka kwambiri amakhala amuna, ndipo zifukwa zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja. Tonse timamva zimenezi pa wailesi, timapukusa mitu, n'kumafunsa kuti bwanji sananene. Akananena kwa yani? Akananena kuti, ngati malo okhawo amene anapangidwira kuti amuna azinenako zakukhosi asanduka malo otolerako nkhani? Gulu la abambo losasunga chinsinsi lili ngati mtsuko wong'aluka, ungathiremo madzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo koma waludzu sadzamwapo.

Chondichititsa manyazi kwambiri n'chakuti amuna a kuno kwathu amadziwa kusunga chinsinsi akafuna. Munthu wolowa gule amasunga za kudambwe mpaka kumanda, osauza mkazi wake, osauza mayi ake omubala. Ankhoswe enieni amamva zonyansa za m'banja la ena, n'kuzikonza, n'kufa nazo. Wansembe wa Katolika sangaulule zimene wamva munthu akulapa, zivute zitani. Nanga ife amene timanyamula Baibulo m'khwapa Loweruka lililonse tikulephera bwanji kusunga mawu a mbale wathu kwa sabata imodzi yokha? Timawerenga pa Yakobo 5:16 kuti tiululirane machimo ndi kupemphererana kuti tichiritsidwe, koma ndani angaulule kanthu kwa anthu amene mawa akalengeza? Buku la Miyambo 11:13 likunena poyera kuti woyenda ndi miseche amaulula zinsinsi, pamene wokhulupirika amasunga nkhani. Ndipo nkhani ya Nowa pa Genesis 9 inalembedwera amuna ngati ife. Hamu anaona umaliseche wa bambo ake n'kutuluka kukauza abale ake, koma Semu ndi Yafeti anatenga chofunda, nayenda chafutambuyo, nawafunditsa osayang'ana. Mbale wathu anadzivula pamaso pathu, ndipo pakati pathu panapezeka Hamu.

Ndinene pano kuti pasakhale wondipotoza mawu. Ngati mwamuna waulula kuti akumenya mkazi wake, kapena wagwirira mwana, kapena wanena kuti akufuna kudzichotsera moyo, zimenezo sizosungira m'chipinda. Zimenezo zimapita kwa abusa, kwa akulu a mpingo, ku polisi kapena ku chipatala, ndipo mwini wakeyo amauzidwa maso ndi maso kuti tikupita nazo kumeneko chifukwa pali moyo wa munthu. Koma kutha kwa ntchito si mlandu. Ngongole si mlandu wopita nawo ku bwalo la aliyense. Munthu amene akupempha mphamvu yoti akalankhule ndi mkazi wake anali kale pa njira yabwino, ndipo ntchito yathu inali yomuperekeza pa njirayo. Tsopano mayi aja ali ndi mabala awiri, loyamba loti amuna awo anawabisira, lachiwiri loti anthu a ku chigayo anadziwa za m'nyumba mwawo iwo asanadziwe. Bala lachiwirilo tawapatsa ndife, gulu la abambo opemphera.

Ndikubwereza, ndipo ndibwerezabe mpaka wina amve. Pemphero la pagulu limaima pa kukhulupirirana. Mukachotsa kukhulupirirana, chotsala ndi amuna ovala bwino amene akuimba nyimbo ndi kumwa tiyi. Mungathe kukhala ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi malamulo olembedwa bwino, mungathe kusala kudya ndi kukwera phiri kukapemphera usiku wonse, koma ngati mbale sangathe kunena kuti ndagwa popanda kuopa kuti mawa dera lonse lidziwa, gulu limenelo lafa ngakhale likukumanabe. Anzake a Yobu, amene timakonda kuwadzudzula, anayamba ndi kukhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osanena kanthu, chifukwa anaona kukula kwa chisoni chake. Ife sitinathe kukhala chete ngakhale masiku atatu. Inu amene munatulutsa nkhaniyi, kumbukirani kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ntchito imene mukuidalira lero ikhoza kutha mwezi wamawa, ndipo tsiku limenelo mudzafuna chipinda chimene mwachiboola nokha.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Wapampando anene pa chiyambi cha msonkhano uliwonse kuti zonenedwa muno zithera muno, ndipo aliyense avomere ndi pakamwa pake. Amene akudziwa kuti pakamwa pake sipatseka, atuluke nthawi ya zopempherera ikafika, palibe amene amudzudzule. Ndipo amene anaulula nkhani ya mbale wathu apite yekha kunyumba kwake, monga Mateyu 18 amatiphunzitsira kuti nkhani ya pakati pa abale imayambira pa awiri, akagwade, akapepese kwa iye ndi kwa mayi a m'nyumbamo. Asatumize uthenga wa pafoni, apite ndi miyendo yake.

Ndipo popeza ndayamba kulankhula, ndinenenso china chimene chakhala chikundidya. Tsiku lomwe lija mbale wathu analira pamaso pathu, titangonena ameni, nkhani yotsatira pa ndondomeko inali ya ndalama za yunifolomu yatsopano ya gulu ndi chindapusa cha obwera mochedwa. Tinakambirana za mtundu wa nsalu kwa nthawi yaitali kuposa imene tinapempherera munthuyo, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anati tiyeni tisonkhe kangachepe kuti ana ake asabwezedwe ku sukulu. Palibe amene anafunsa kuti kodi luso lake ndi lotani, kapena ndani pakati pathu akudziwa kumene kukufunika munthu, chonsecho m'gulumo muli amakaniki, aphunzitsi, a mabizinesi ndi ogwira ntchito m'maofesi. Taonani amayi athu a Chigwirizano, a Mvano, a Umanyano ndi a Dorika. Mnzawo akadwala amanyamula ufa, nkhuni ndi sopo, amakamuchapira, amakamusesera pakhomo, ndipo pa maliro ndiwo amachezera usiku wonse akuimba. Ife abambo timadziwika ndi kusonkha ndalama za bokosi. Munthu akamwalira, ndalama zimapezeka tsiku lomwelo kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, mndandanda wa osonkha n'kumayenda pa foni dzina ndi dzina, galimoto yonyamula maliro n'kupezeka, mafuta n'kupezeka. Koma munthu yemweyo ali moyo, akupempha thandizo ndi misozi, thumba la gulu limakhala ndi malamulo ambirimbiri, ndipo msungichuma amati tidikire msonkhano wa komiti. Agalatiya 6:2 amati tinyamulirane zothodwetsa, ndipo zothodwetsazo munthu amazisenza ali moyo. Ine ya yunifolomu sindisonkha.