Inu oika matayala akuluakulu, muvi wa liwiro ukukunamizani

Anyamata inu, tamverani kuno. Ndagwira chiwongolero zaka zambiri, ndipo zimene ndikuona masiku ano zikundisowetsa mtendere. Munthu akangogula galimoto, isanathe ngakhale sabata ataitenga ku Dar es Salaam, akuthamangira kukachotsa matayala amene inabwera nawo n'kuika akuluakulu, ati ioneke yaulemu. Ndalama ndi zanu, sindikukanizani. Koma ndani mwa inu amene akatero amakaonetsanso sipidomita, ija ya muvi woonetsa liwiro, kwa makaniko?

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga ananditenga pa Hilux yake kuchokera ku Lilongwe kupita kumaliro ku Ntcheu. Galimotoyo inali itatalika ngati yavala nsapato za gogoda. Titadutsa Dedza ndinaona kuti mitengo ikuthawa mofulumira kuposa zimene muvi ukunena. Ndinati, "Mphwanga, chepetsa moto." Iye anandilozera muviwo: "Malume, taonani nokha, ndili pa 100 yeniyeni." Ndinauza mdzukulu wanga amene anakhala kumbuyo kuti atsegule GPS pafoni yake. Foni inalemba 105. Mphwangayo anangoti kukamwa yasa. Miyezi yonseyi wakhala akunyamula mkazi ndi ana, akukhulupirira muvi wabodza.

Galimoto siona msewu, ana anga. Imangowerenga kuti tayala lazungulira kangati, kudzera pa kachipangizo kamene kali pa giyabokosi kapena pamawilo pamene pali ABS (makina oletsa mawilo kuumiratu mukaponda mabuleki mwamphamvu), ndipo imachulukitsa ndi kukula kwa tayala limene anaiuza kufakitale. Mukasintha tayala, iyo sidziwa. Tayala la saizi ya 265/65 R17 (manambala olembedwa m'mbali mwa tayala) limene ma Hilux ambiri amabwera nalo likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.44. La 285/70 R17 limene mphwangayo anaika limayenda 2.61. Kusiyana kwake ndi masentimita 17, kuposa pang'ono kutalika kwa bolopeni, koma tayala limazungulira maulendo oposa 380 pa kilomita imodzi. Pa makilomita 100 alionse amene galimoto ikuwerenga, inu mwayenda 107. N'zoona kuti opanga galimoto amakonda kuchititsa muvi kuonetsa liwiro lokwererapo pang'ono kuti akutetezeni, n'chifukwa chake foni ija inati 105, osati 107. Kampata kachitetezo kameneko ndi kamene inu mwadya, n'kupitiriranso.

Wina anena kuti, "Aaa madala, 5 yokhayo?" Pita ukaime pa Lizulu tsiku la msika. Amayi a mbatata ndi kabichi ali m'mphepete mwenimweni mwa tala, akabaza akudutsa, mwana wapulumuka m'manja mwa amake. Mtunda umene galimoto imafuna kuti iime sukwera mofanana ndi liwiro, umakwera moposa. Liwiro likakwera ndi 7 pa 100, mtunda woimira umatalika ndi pafupifupi 15 pa 100. Onjezanipo kuti tayala lalikulu ndi lolemera, ndipo mabuleki amene munasiya osasintha aja akulimbana ndi katundu amene sanawapangire. Mamita awiri kapena atatu owonjezerawo ndi amene amasiyanitsa kuopsa mwana ndi kumugunda. Za chindapusa cha apolisi apamsewu akakujambulani ndi kamera sindikuzidandaula kwambiri, chimenecho mulipira n'kuiwala. Koma musamawatukwane kuti makina awo ndi abodza pamene wabodza mwamukweza nokha.

Mita yowerenga makilomita nayonso imatsalira. Ikamati mwayenda 5,000, mwayenda 5,350, ndipo oyilo mukusintha mochedwa nthawi iliyonse.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti kukonza kwake si kovuta. Safunsa anadya phula. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pamwendo wa chitsekocho galimoto zambiri zili ndi kapepala komata kolemba saizi ya matayala ndi mpweya wake. Yambirani pamenepo. Ngati mtima wanu uli pa marimu akulu, sankhani tayala lopyapyala m'mbali kuti kutalika kwa wilo lonse kusasinthe. Mwachitsanzo Corolla ya 195/65 R15 ikhoza kuvala 225/45 R17 ndipo kutalika kumakhala chimodzimodzi, pafupifupi mamilimita 634. Mukaika 215/55 R17 mwapitirira kale ndi 5 pa 100. Odziwa za matayala amalangiza kusapitirira 3 pa 100. Komanso ndikuchenjezeni, tayala lopyapyala ndi maenje a m'misewu yathu sizimwerana madzi. Dzenje limodzi usiku, rimu yapindika.

Ngati mwaika kale akuluwo ndipo simukufuna kuwachotsa, pitani kwa wamagetsi a galimoto wodziwa ntchito yake, osati aliyense wokhala ndi sipanala. Galimoto zina amazilumikiza ku kompyuta pa soketi ya OBD imene ili pansi pa chiwongolero n'kulowetsa saizi yatsopano. Zina sizilola zimenezo, ndiye amaika kabokosi kokonza mawerengedwe pakati pa sensa ndi sipidomita. Zakalekale zoyendera kebulo amasintha kagiya kakang'ono ku giyabokosi. Akamaliza musangolipira n'kunyamuka. Pezani msewu wowongoka, wina akhale pambali ndi foni ya GPS, inu maso pamsewu, muyese pa 50, pa 80 ndi pa 100. Foniyo agwire mnzanuyo, osati inu.

Ndi inunso ogulitsa matayala, mumaona munthu akusankha saizi yolakwika, inu n'kumangomuchemerera kuti "bwana, apa ndiye yakhala." Muuzeni zoona, ndalama yake mulandirabe.

Mphwanga uja ndinamuuza kuti sindikweranso galimoto yake, ndipo adzukulu anga asakwere, mpaka atakonza. Anakwiya masiku awiri. Tsiku lachitatu anandiimbira ali kugalaja, akufunsa kuti, "Malume, paja munati tiyese pa liwiro lanji?"