Kusokoneza mnzako pa chess: zimene ndimavomereza ndi zimene ndimakana

Ambiri amanena kuti chess ndi nkhondo ya maganizo, ndiye kuti chilichonse chimene chingasokoneze mutu wa amene ukusewera naye n'chololedwa. Kuti ndi nkhondo ya maganizo sinditsutsa, koma ine ndimafunsa funso limodzi pa machenjera aliwonse: kodi mnzakoyo angathe kuwayankha posuntha kanthu pa bolodi?

Taganizirani zimene Vladimir Kramnik anachita ku London mu 2000, polimbirana ukatswiri wa dziko lonse ndi Garry Kasparov. Iye ankadziwa kuti Kasparov amakonda masewera otentha, odzaza ndi misampha, choncho Kramnik akagwira zidutswa zakuda ankakonda kuyamba ndi njira yotchedwa Berlin, imene imachotsa mafumukazi onse awiri pa bolodi masewera asanafike patali. Chotsalira chimakhala masewera ozizira, ofuna kudekha, omwe sapereka mpata woukira mfumu. Kasparov anagogoda pakhomo limenelo mobwerezabwereza koma silinatseguke, ndipo pa magemu 15 sanapambane ngakhale imodzi, mpaka anataya ukatswiri wake. Kramnik analimbana ndi mtima wa munthu, osati ndi zidutswa zokha, komabe zonse anazichita pamaso pa Kasparov, amene anali ndi wotchi yake yowerengera nthawi yoganizira ndi ufulu wonse wopeza yankho. Machenjera otere ndimawalemekeza kwambiri.

Zimene zinachitika ku Baguio m'dziko la Philippines mu 1978 n'zamtundu wina. Gulu la Anatoly Karpov, yemwe ankateteza ukatswiri wake wa dziko lonse, linabwera ndi katswiri wa za maganizo Vladimir Zukhar, amene ankakhala m'mipando ya kutsogolo n'kumangomuyang'anitsitsa Viktor Korchnoi, wopikisana ndi Karpov, pamene akuganiza. Korchnoi naye anavala magalasi owala ngati kalilole, ndipo anthu ake anadandaula kuti yogati imene Karpov anapatsidwa masewera ali mkati ikhoza kukhala uthenga wachinsinsi, moti akuluakulu a mpikisano anachita kukhalira pansi nkhani ya yogati. Masiku ano timaseka tikamamva zimenezi, koma palibe kasunthidwe ka hatchi kapena ka mfumukazi kamene kangayankhe munthu wokutuzulira maso ali pakati pa oonerera.

Nkhani imene imandivuta kuigamula ndi ya Bobby Fischer ku Reykjavik m'dziko la Iceland mu 1972. Iye anafika mochedwa, analuza gemu yoyamba, ndipo yachiwiri sanabwere n'komwe chifukwa chodandaula ndi makamera. Boris Spassky, katswiri wa dziko lonse amene Fischer ankalimbana naye, akanatha kungokhala chete n'kusunga ukatswiri wake, koma anavomera kusewera gemu yachitatu m'kachipinda kakumbuyo, kutali ndi anthu. Fischer anapambana gemu imeneyo, komwe kunali kuyamba kumugonjetsa Spassky pa moyo wake wonse, ndipo pamapeto pake anatenga ukatswiri. Sindikhulupirira kuti Fischer anakonza zonsezi monga msampha, chifukwa madandaulo otere anali khalidwe lake kuyambira kale, komabe amene analipira mtengo wake ndi munthu amene anasonyeza ulemu.

Pa bawo timazolowera kuti kunyogodolana ndi mbali ya chisangalalo, ndipo pansi pa mtengo palibe amene amakwiya nazo. Chess ya mpikisano ili ndi lamulo lolembedwa. Ndime 11.5 ya malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse, imaletsa kusokoneza kapena kukwiyitsa mnzako mwa njira ina iliyonse, ndipo imatchula ngakhale kupempha kuti mufanane mphamvu popanda chifukwa chomveka komanso kubweretsa phokoso pamalo osewerera. Choncho wosewera amene amamenya wotchi mwamphamvu, kapena kupempha kufanana mphamvu mobwerezabwereza pamene akuona kuti zamuthina, akuphwanya lamulo, ndipo woyimbira ali ndi mphamvu yomuchenjeza, yoonjezera nthawi ya mnzakeyo, kapena yogamula kuti waluza. Ndikanakonda oyimbira akanamagwiritsa ntchito mphamvu imeneyi makamaka m'mipikisano ya ana a sukulu, kumene mwana wamanyazi sangayerekeze kukweza dzanja n'kudandaula yekha.