Makiyi a shopu sagulitsidwa eni nyumba asakudziwa

Anzanga a kuno ku Chipata, mchitidwe wogulitsana makiyi a mashopu wafika ponyanya. Munthu akuchita lendi shopu ku Down Shops kapena cha kumsika wa Kapata, malonda amuvuta, akufuna kusamukira ku Lusaka. Apeza mayi amene wakhala akusakasaka malo. Agwirizana mtengo wa mashelefu, kauntala ndi zitsulo za pawindo, n'kuonjezerapo kenakake poti malowo ndi odutsa anthu ambiri. Ang'amba tsamba m'kope la mwana wasukulu, alemba manambala a zitupa zawo za NRC, mboni ziwiri zisaina, makiyi apatsana. Mwa onse osainawo, eni nyumba palibe. Iwo adziwa mwezi ukatha, pobwera kudzatenga lendi n'kupeza nkhope yachilendo ikupima zitenje pomwe pankagulitsidwa simenti.

Tsamba lija limangochitira umboni kuti ndalama inachoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo. Eni nyumba silikuwamanga. Mapangano ambiri a lendi amanena poyera kuti wochita lendi asasiyire wina malowo, kapena kulowetsamo wina woti azimulipira, popanda chilolezo cholembedwa. Pangano likakhala lotero, wochokayo waliphwanya, ndipo eni nyumba apeza poyambira kukapempha khoti kuti liwabwezere malo awo. Mayi wogula makiyi uja alibe ngakhale lisiti limodzi la lendi m'dzina lake. Ndalama yake ikudyedwa ku Lusaka.

Wochokayonso asaganize kuti wapulumuka. Dzina lili papangano ndi lake, ndiye lendi ikapanda kulipidwa, foni yolira ndi yake.

Chondiwawa n'chakuti lamulo loteteza amalonda lilipo. Landlord and Tenant (Business Premises) Act imati eni nyumba akafuna kuthetsa lendi ya malo a malonda, chidziwitso chawo chisachepere miyezi 6. Chitetezo chachikulu chimenecho kwa munthu amene katundu wake yense ali m'mashelefu. Koma chimateteza wochita lendi, ndipo amene analowa mozemba ayenera kuyamba watsimikizira khoti kuti iye ndi wochita lendi, pomwe eni nyumba akulumbira kuti sakumudziwa. Palinso china chimene ambiri sitichilabadira: pangano la lendi lopitirira chaka chimodzi liyenera kulembetsedwa ku Lands and Deeds Registry, ofesi ya Boma yolembetsa mapepala a malo, apo ayi lamulo limaliona ngati lopanda mphamvu.

Tsono musaganize kuti ndikuikira kumbuyo eni nyumba. Anthu sazemba chilolezo chifukwa cha umbuli wokha. Amazemba chifukwa akudziwa chimene chimachitika ukapita kukapempha mwaulemu. Akuuza kuti ndiganizire kaye. Mwezi watha, foni sakuyankha. Ena akangomva kuti pali wofuna malowo, lendi akweza pompo. Ena amafuna gawo pa ndalama ya mashelefu amene sanakhomeko ndi msomali womwe. Wofuna malo watopa n'kudikira, wapita kwina, ndipo wochita lendi watsala akulipira shopu yotseka. Ufulu wokana eni nyumba ali nawo ndithu, nyumba ndi yawo, ndipo palibe angakakamizidwe kulandira munthu wodziwika ndi ngongole kapena wofuna kusandutsa shopu ya telala kukhala bala. Koma kungokhala chete n'cholinga chofinya munthu si kukana, ndi nkhanza.

Taonani mmene Boma lenilenilo limachitira, poti nalonso ndi mwini malo. Kuchokera 1975, nthawi ya a Kaunda, umwini wamuyaya wa malo unathetsedwa m'Zambia. Lands Act ya 1995 imati malo onse ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo amene muli ndi taito, chimene muli nacho ndi lendi yosapitirira zaka 99. N'chifukwa chake mumalipira ground rent, ndipo simungagulitse puloti yanu ku Kalongwezi popanda chilolezo, chimene chimadzera kwa Commissioner of Lands. Koma lamulo lomwelo linamanganso Boma manja. Mukapempha chilolezo, masiku 45 n'kutha osayankhidwa, lamulo limatenga kuti mwaloledwa. Akakana, ayenera kunena zifukwa, ndipo muli ndi masiku 30 okadandaula ku Lands Tribunal, bwalo loweruza nkhani za malo. Ngati Pulezidenti anaikiridwa malire a masiku, bwanji bambo wa mashopu atatu ku Mchini akhale ndi ufulu wokhala chete mpaka kalekale?

Maganizo anga ndi akuti aphungu athu aike zomwezo pa lendi ya mashopu: pempho lolembedwa, masiku owerengeka oyankhira, ndipo wokana anene chifukwa chomveka. Ku England anachita zofanana mu 1988, pomwe lamulo linakakamiza eni nyumba kuyankha pempho lotere m'nthawi yoyenera ndi kupereka zifukwa akakana. Malamulo athu ambiri a malo anachokera komweko, tsono ichi chokha chativuta pati?

Podikira aphungu, tingayambe tokha. Polowa shopu, pemphani kuti m'pangano mulembedwe masiku amene eni nyumba adzayankhire mukadzafuna kusiyira wina. Nthawi yonenera ndi imeneyo, pomwe iwonso akufuna munthu wolowa, osati mutatopa kale.

Inu ofuna kugula makiyi, ndalama isatuluke m'chitenje musanakhale pansi atatu: inu, wochokayo ndi eni nyumba. Onani pangano lakale ndi maso anu, muwerenge kuti latsala ndi miyezi ingati. Funsani ngati pali ngongole ya lendi kapena ya madzi. Chilolezo chilembedwe, eni nyumba asaine okha, osati mphwawo amene amangotolera lendi. Ngati n'kotheka, pangano lakale lithe, mulembe latsopano m'dzina lanu. Wogulitsa akayamba zakuti "amdala aja ndilankhula nawo ndine, inu ingoperekani", muuzeni awaimbire foni pompo inu mukumva.