GTO ku America, Beaumont ku Canada, Super Bee ku Mexico: aliyense anali ndi njira yake

Anthu akayamba kukamba za magalimoto aja obangula a m'ma 1960 otchedwa muscle car, nkhani yonse imathamangira ku Detroit, mzinda wa makampani a magalimoto ku America. N'zomveka, poti ndiko zinayambira. Koma United States ili ndi maiko awiri oyandikana nayo, Canada kumpoto ndi Mexico kumwera, ndipo konseko kunali anyamata omwe mtima unkawadyera galimoto ya liwiro. Chinawaletsa kungogula za ku Detroit ndi chipata cha pamalire. Ku Canada unali msonkho, ku Mexico linali lamulo loletseratu. Choncho dziko lililonse linaphika ndiwo zake ndi zomwe zinali m'nyumba, ndipo ine ndimaona kuti zina mwa ndiwozo zinakoma kuposa mmene anthu amazitamira.

Ku America nzeru yake inali yosavuta: tenga injini ya galimoto yaikulu, uyiike m'galimoto yocheperako. Mu 1964 kampani ya General Motors inali ndi lamulo loti magalimoto ake apakatikati asapitirire injini ya malita 5.4. John DeLorean ndi anzake a ku Pontiac, nthambi ina ya kampaniyo, analizemba lamulolo. Sanailembetse GTO ngati galimoto yatsopano ayi, anangoti ndi zowonjezera zomwe munthu wogula Tempest LeMans angasankhe powonjezera ndalama zosakwana madola 300. Zowonjezerazo zinali injini ya V8 ya malita 6.4, ija amaitchula kuti 389, yotulutsa horsepower (muyezo wa mphamvu ya injini) 325. Wofuna zambiri ankasankha Tri-Power, makabyuleta atatu ondondozana pamwamba pa injini, n'kufika pa 348. Poyenda pang'onopang'ono imagwira ntchito ndi yapakati yokha, koma ukaponda mafuta mpaka pansi ziwiri zinazo zimatseguka nthawi imodzi, galimoto n'kudumpha. Chaka choyamba anagulitsa zoposa 32,000, ndipo mu 1966 zinayandikira 97,000.

Zitatero mpikisano unabuka. Chrysler inabweretsa 426 Hemi ya malita 7, ya horsepower 425. Mu 1970 General Motors itamasula malamulo ake, Chevelle SS ya Chevrolet, nthambi inanso ya kampaniyo, inalandira injini ya malita 7.4, ija amaitchula kuti 454, yofika pa 450. Maonekedwe nawo anayamba kufuula: mizere pa boneti, mabowo okokera mpweya, penti yowala ngati ija ya GTO Judge ya 1969. Pa mphamvu palibe wotsutsa, America inali patsogolo. Komabe pali chinthu chimodzi chomwe chimandivuta nazo. GTO ya 1964 inkatuluka m'fakitale ndi mabuleki a dramu ang'onoang'ono omwewo a Tempest wamba. Galimoto yotha mtunda wa mamita 400 m'masekondi pafupifupi 15 kuchokera poima, koma kuti iime, mabuleki akatentha ankayamba kufooka. Anaganizira zonyamuka, zoima anazisiya m'manja mwa woyendetsa.

Ku Canada zinthu zinayenda mwina. Isanafike 1965, galimoto yolowa kuchokera ku America inkalipira msonkho wokwera, ndipo anthu ogula anali ochepa moti sikukanatheka kuti fakitale ya General Motors ku Oshawa, m'chigawo cha Ontario, izipanga mtundu uliwonse payokhapayokha. Ndiye ankasakaniza. Pontiac ya ku Canada, monga Parisienne ndi Laurentian, kunja inkaoneka Pontiac koma pansi pake chesisi ndi injini zinali za Chevrolet. Ndipo m'malo mwa GTO, ogulitsa Pontiac ndi Buick ankaika pakhomo galimoto yotchedwa Beaumont.

Beaumont ndimaikonda chifukwa cha mmene imasokonezera maso. Ukaiona cham'mbali umati ndi Chevelle, thupi lake ndi lomwelo. Ukazungulira kutsogolo upeza gilo yogawika pakati monga mwa chizolowezi cha Pontiac, ndipo pa chizindikiro chake chosongoka pali masamba a mtengo wa maple, uja uli pa mbendera ya Canada. Ukatsegula chitseko n'kukhala pampando, dashibodi yomwe ili patsogolo pako ndi ya Pontiac ya ku America, ya banja la Tempest ndi GTO. Ukakweza boneti ya Beaumont yamphamvu yotchedwa SD-396, upezamo injini ya Chevrolet ya malita 6.5, ya horsepower 325 kapena 350. Zidutswa za nthambi ziwiri za General Motors, koma zinagwirizana bwino, ndipo kwa ine nkhope ya Beaumont ya 1967 ndi yaudongo kuposa ya Chevelle imene inabadwirako.

Chinaipha ndi mgwirizano. Mu Januwale 1965 Purezidenti wa America Lyndon Johnson ndi nduna yaikulu ya Canada Lester Pearson anasaina pangano lochotsa msonkho pa magalimoto odutsa malire a maiko awiriwa. Pang'ono ndi pang'ono chifukwa chopangira galimoto ya Canada yokha chinatha, ndipo Beaumont inalekeka mu 1969. Mafakitale a ku Canada anapindula, ntchito zinachuluka, wogula anapeza GTO yeniyeni mosavuta. Sindinganene kuti analakwitsa. Koma galimoto yomwe inali yawoyawo inapita. Tisaiwalenso kuti kuno kumwera kwa Africa magalimoto ambiri omwe akuluakulu ankawatcha a ku America ankachokera ku Canada, chifukwa maiko a Commonwealth ankachepetserana msonkho. Ma Parisienne a chiwongolero chakumanja ankatumizidwa ali zidutswa n'kukalumikizidwa ku South Africa ndi ku Australia.

Mexico ndiye inatseka chitseko kwenikweni. Mu 1962 boma la Adolfo López Mateos linalamula kuti magalimoto opangidwa kale asamalowe, ndipo opangidwa m'dzikomo akhale ndi zipangizo za komweko zosachepera magawo 60 pa 100 alionse, kuphatikizapo injini. Ganizirani tanthauzo lake. Kampani sikanamanga fakitale ya injini ya malita 7 chifukwa cha ogula ochepa okha. Hemi kunalibe, 454 kunalibe. Aliyense ankayenera kufinya mphamvu kuchokera m'injini yomwe ankapanga kale.

Panalinso vuto lina lomwe a ku Detroit sankaliganizira kwambiri. Mexico City ili pamtunda wa mamita oposa 2,200 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Kumtunda kotero mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi magawo 3 pa 100 pa mamita 300 alionse omwe wakwera. Ndiye kuti mumzindawo gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu limakhala lapita galimoto isanasunthe n'komwe. Onjezanipo petulo wa nthawiyo, yemwe sanali wamphamvu ngati wa ku America.

Ford inayamba kupanga Mustang ku Mexico mu 1965 ndi V8 ya malita 4.7, ndipo Eduardo Velázquez, wabizinesi wa ku Mexico, anagwirizana ndi Carroll Shelby, katswiri wa ku America wa magalimoto a mpikisano, kuti azisintha ena mwa magalimotowa komweko pansi pa dzina la Shelby de México. Kampani ya VAM, yomwe inkapanga magalimoto a American Motors, inalibe V8 ndi imodzi yomwe. Javelin yawo inkayendera injini ya masilinda 6 ondondozana, ndipo akatswiri awo anaikuza okha mpaka malita 4.6, kukula komwe fakitale ya ku America sinapangeko pa nthawiyo. Izi ndimazilemekeza kwambiri. Munthu wauzidwa kuti chachikulu sungachipeze, iye n'kukhala pansi kukonza chomwe ali nacho kuti chigwirizane ndi mapiri ake ndi mafuta ake.

Koma yondigwira mtima ndi Super Bee. Ku America dzinali linali pa Dodge Coronet, galimoto yaikulu ndithu, ya injini ya malita 6.3 kupita m'tsogolo. Ku Mexico, kuyambira mu 1970, kampani ya Chrysler inaliika pa Valiant Duster, galimoto yaing'ono ndi yopepuka ya zitseko ziwiri, yokhala ndi msana wotsetsereka, mizere m'mbali ndi kachizindikiro ka njuchi. Injini inali V8 ya malita 5.2, imene ku America inkatengedwa ngati ya galimoto ya banja, koma a ku Mexico anaipatsa kabyuleta yaikulu n'kuilembera horsepower 270. Mu 1975 anaikamo ya malita 5.9. Ziwerengero za nthawi imeneyo muzizitenga mosamala, chifukwa makampani ankakonda kuyeza injini ili payokha, yopanda zonse zomwe zimaidya mphamvu ikakhala m'galimoto. Ngakhale zili choncho, nzeru yake ndi yolondola. Injini yopepuka kutsogolo imachititsa kuti galimoto ikhote bwino ndiponso mabuleki asavutike kwambiri, ndipo pa misewu yokhotakhota ya m'mapiri zimenezi zimaposa kukhala ndi horsepower 450 yomwe matayala akulephera kuigwira. Atati andiikire zitatuzi pakhomo, GTO ndingaiyang'ane nthawi yaitali, Beaumont ndingaijambule, koma makiyi ndingatenge a Super Bee.

Chitseko chotsekacho chinali ndi mtengo wake, tisabise. Wogula wa ku Mexico ankasankha pa mitundu yochepa, ndipo ankalipira zambiri poyerekeza ndi mnzake wa ku Texas. Koma chinawatchinjirizanso pomwe zinthu zinasokonekera kumpoto. Ku America lamulo la mpweya wabwino la 1970 linakakamiza makampani kuchepetsa utsi, inshulansi ya achinyamata oyendetsa magalimotowa inakwera koopsa, ndipo mu 1973 mafuta anasowa. Hemi inatha mu 1971. GTO ya 1974 inali itatsikira pa horsepower 200, ndipo chaka chotsatira kunalibenso GTO. Ku Mexico malamulo a utsi anabwera mochedwa, zomwe mzinda wa Mexico City unadzalipira ndi mpweya woipa, koma Super Bee inapitirira kupangidwa mpaka 1980. Apolisi a pamsewu a boma la Mexico ankaigwiritsa ntchito pothamangitsa ophwanya malamulo m'misewu ikuluikulu, chifukwa magalimoto ochepa kwambiri m'dzikomo ndi omwe akanaithawa.