Vaal, Katse ndi Nyanja ya Malawi: dzuwa limamwa kuti kwambiri?

Amalawi ambiri okhala ku Joni amadabwa. Johannesburg ilibe nyanja, ilibenso mtsinje waukulu, koma imamwetsa anthu mamiliyoni. Kwathu nyanja ili pakhomo, koma chilala chikangobwera magetsi ayamba kuzimazima. Nkhani yagona pa malo omwe dziko lililonse limasungira madzi, ndi gawo lomwe dzuwa limatengapo.

Nyanja ya Malawi ndi yotambalala masikweya kilomita pafupifupi 29,600. Ikatsika ndi masentimita 9 okha, madzi opitawo angadzaze damu lonse la Vaal, lomwe limamwetsa Joni ndipo limasunga makiyubiki mita pafupifupi 2.6 biliyoni. Ndipo madzi ambiri ochoka m'nyanjayi sadutsa mu Shire ayi, gawo lalikulu limangouluka ngati nthunzi, makamaka mwera ukamawomba komanso dzuwa la Okutobala likaswa mtengo. Kuya kwake kwa mamita 700 kusakunyengeni. Madzi a ntchito ndi mamita ochepa a pamwamba basi, chifukwa nyanja ikatsikitsa Shire imaleka kuyenda, monga zinachitikira kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935. Nkula, Tedzani ndi Kapichira zonse zakangamira mtsinje umodzi womwewo.

Chowongolera chathu n'chimodzi: Kamuzu Barrage pa Liwonde, yomangidwa mu 1965. Mu 2024 nyanja itakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, oyang'anira zitseko anali pakati pa moto uwiri. Kutseka, madzi alowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Kutsegula kwambiri, a ku Chikwawa ndi Nsanje amira. Onjezani matope ochokera m'mapiri ometedwa mitengo ndi namasupuni wotseka polowera madzi pa Nkula. Mvula yochuluka nayo si mnzathu nthawi zonse: namondwe Ana anagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130.

South Africa inasankha kusamutsa madzi. Vaal nalo ndi damu lofanana ndi lichero, lotambalala koma losaya, ndiye dzuwa limalimwa mosavuta. Mu Novembala 2016 linatsika kufika cha pa 26 peresenti. N'chifukwa chake nkhokwe zenizeni zili kumapiri ozizira: madamu a Sterkfontein pafupi ndi Harrismith, ndi Katse ndi Mohale ku Lesotho, pansi pa mgwirizano wa 1986. Khoma la Katse ndi lalitali mamita 185. Madzi ali m'chigwa chakuya ndi chopapatiza, nkhope yake yoyang'ana kudzuwa ndi yaing'ono, choncho otayika ndi ochepa. Pa Sterkfontein lamulo lake n'losavuta: sungani pozizira ndi pakuya, tsitsirani ku Vaal pokhapokha pakufunika. A Lesotho amalandira ndalama pa madzi a Katse ndi Mohale, ndipo asanawoloke malire amayamba apanga magetsi pa 'Muela.

Zambia ndi Zimbabwe ali ngati ife, kungoti nkhokwe yawo ndi yomanga ndi manja ndipo ndi ya awiri. Zambezi River Authority imagawa chaka ndi chaka madzi a Kariba omwe dziko lililonse lingagwiritse ntchito. Chilala cha El Niño cha 2024 chinadula gawolo mpaka mabanja ku Lusaka ankaona magetsi maola ochepa chabe patsiku. Kugawana mwalamulo n'kwabwino, koma sikugwetsa mvula ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia komwe madziwo amachokera.

Nanga bwanji mipope ya ku Brixton ndi Crosby, madera a mu Joni, imauma ngakhale Vaal litasefukira? Apa nyengo tisainamizire. Bungwe la madzi la Rand Water limayeretsa madzi cha ku Vereeniging n'kuwakankha ndi mapampu kukwera mtunda mpaka mumzinda womwe uli mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere. Magetsi akazima pa siteshoni yopopera madzi ya Eikenhof, matanki a madera okwera ndiwo amayamba kuphwa, ndipo amatenga masiku kuti adzazenso. Kukatentha anthu amathirira kapinga ndi kudzaza maiwe osambiramo, pomwe mapaipi okalamba akudontha pansi pa misewu usana ndi usiku. Ena mwa madzi oyenda ulendo wonsewo kuchokera ku Katse amathera mu ngalande ya m'mbali mwa msewu.